Kunyamula Wamkondo wa Ababa

Laputopu ija ndinaigula kwa mayi wina woyenda ku Joni, nthawi yomwe madola a ku America anali atangozolowereka m'manja mwathu, pamene ukagula buledi pashopu ankakupatsa maswiti m'malo mwa chenji. Inali yakale, batani limodzi linali litachoka, ndipo ikatentha inkalira ngati chigayo. Koma inkatha kusewera gemu imodzi yomwe inandidya mutu zaka ziwiri zathunthu. Ndi pa gemu imeneyi pomwe ndinawachitira ababa anga chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimayang'ana pansi, ngakhale ndili ndekha m'chipinda.

Masiku amenewo ndinkakonza mafoni pa kashedi kanga ku mashopu a Zengeza 4, m'tauni ya Chitungwiza, pafupi ndi Harare. Tinkakhala ku Zengeza 3, ine, amayi ndi ababa, m'nyumba yomwe ababa anaipeza akugwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Fakitaleyo inatseka, penshoni inatha mphamvu limodzi ndi ndalama zakale za dziko lino, ndipo ababa anatsala ndi mpando wawo pakhonde. Iwo anabadwira ku Malawi n'kubwera kuno ali mnyamata. Ine ndinabadwira ku Chitungwiza konkuno. Ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chishona, ndipo ndikangotuluka pageti ndinali Mshona wathunthu. Anzanga ambiri sankadziwa kuti kwathu timalankhula chiyani. Ndinkabisa ngati mmene munthu amabisira sokosi yobooka.

Panalinso china chomwe ndinkabisa. Ababa anali m'bungwe la maliro la anthu akwathu, ndipo m'bungwemo anali m'gulu la adzukulu, amene amasambitsa mtembo, kukumba manda ndi kunyamula bokosi. Piki ndi fosholo zinkakhala kuseri kwa chitseko chakukhitchini. Foni ikalira m'mawa, ankavala ovolosi yawo ya kufakitale n'kunyamuka osafunsa kuti womwalirayo ndi wa mpingo uti kapena wa mtundu wanji. Anzanga akandifunsa kuti mdala wako amatani, ndinkangoti anapuma ntchito.

Gemuyo anandipatsa pa fulashi ndi mnzanga amene anali ndi kafe ya intaneti pafupi ndi kashedi kanga. Sinali ya makampani akuluakulu ayi. Anaipanga anthu ochepa chabe, kudziko lina lozizira, ndipo zithunzi zake zinali ngati zojambula za mwana wa sukulu waluso. Umakhala ndi asilikali asanu ndi mmodzi, wamkondo, wauta, sing'anga ndi ena, n'kumawayendetsa pa timabokosi ngati pa drafuti. Uyendetsa ako, kenako mdani ayendetsa ake, mpata ndi mpata. Palibe kuthamangitsa zala, ndi mutu wokhawokha. Ndipo msilikali akafa, wafa basi, sadzukanso.

Tinali ndi gulu lathu pa foni, anyamata a ku Chitungwiza ndi ena a ku Harare, osewera gemu zamtunduwu. Ntchito yathu inali kukangana. Wina akuti auta ndi amphamvu mopyola muyeso, wina akuti amene amadalira auta ndi wamantha, wina akuti nkhondo yachisanu anaipanga munthu wodana ndi anthu. Ine ndinali mlembi wamkulu wa ndemanga. Ndinkalemba Chingerezi chachitali ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera, n'kuika pa gulupo komanso pa tsamba la intaneti pomwe osewera a dziko lonse amapereka nyenyezi. Anthu awiri akandiyamikira, tsiku limenelo ndinkayenda mapewa m'mwamba. Matama ndinali nawo, sindingakane.

Ababa analowa m'gemumu Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi. Ndinali nditatseka katani kuti dzuwa lisawale pa sikirini, ndipo sindinamve kuti aima kumbuyo kwanga.

"Wautayo bwanji osamuika kuseri kwa mwalawo?" anatero.

"Baba, hamuzvizive izvi," ndinayankha osatembenuka n'komwe, kuwauza kuti izi sazidziwa.

Mpata wotsatira wauta wanga analasidwa n'kufa pomwepo. Ababa anaseka mpaka kutsokomola, n'kubwerera pakhonde. Lamulungu lotsatira anakoka mpando wawo kuchokera pakhondepo n'kuuika pambali panga, osapempha.

Ndinali nditaiwala kuti munthuyu anasewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo moyo wake wonse, ndipo anaisiya kokha chifukwa anzake osewera nawo anali atawakwirira mmodzimmodzi ndi manja ake omwe. Mausi sanaikhudzepo. Ankaitcha mbewa yakoyo. Ankaloza pa sikirini ndi kamtengo ka machesi, n'kumati uyu apite apa, uyu adikire, mdani abwera yekha. Nkhondo yachisanu ija, yomwe inandiliza mwezi wathunthu, anaiphwanya masana amodzi. Ine ndinatenga nzeru zawozo n'kukazilemba pa gulu ngati zanga, anyamata n'kumandiombera m'manja.

Malamulungu amenewo ndinkawakonda, ndinene poyera. Ine ndi ababa tinali anthu a moni ndi mwadzuka bwanji, basi. Koma pa gemupo tinkakangana, kusekana, kutukwana adani limodzi. Amayi akabwera ndi zigubu kuchokera kumjigo ankatipeza titagundanitsa mitu, n'kumati ana awiri m'nyumba muno. Nthawi zina ndinkadzidzimuka nditayankha Chichewa osadziwa. Ndinkaona kuti ababa amva. Mwa asilikali onse ankakonda wamkondo. Anali wochedwa kuyenda, wosakongola, koma anali nafe kuyambira nkhondo yoyamba, ndipo ababa ankamuika patsogolo nthawi zonse kuti atchinge anzake.

Kenako opanga gemu aja anatulutsa gawo lowonjezera. Mnzanga wa kafe analikopera usiku wonse wa intaneti yake yochedwayo, m'mawa n'kutigawira tonse. Munali nkhondo zatsopano, mapiri, milatho, ndi lamulo limodzi latsopano lomwe linayatsa moto. Msilikali akafa, mnzake ankatha kumunyamula kupita naye kumsasa, m'mphepete mwa bwalo. Wonyamulayo sankatha kumenya nkhondo, ndipo ankayenda pang'onopang'ono. Mphoto yake? Palibe. Lupanga ayi, mphamvu ayi. Kumsasa kunkangooneka kamanda kakang'ono ndi mwala, basi.

Pa tsamba lija osewera anagawikana. Ena ankati n'zokhudza mtima, ambiri ankati n'kutaya nthawi. Pa gulu lathu tonse tinali mbali imodzi, ndipo ine ndi amene ndinanyamula mbendera. Ndinapereka nyenyezi ziwiri mwa zisanu. Ndinalemba kuti opangawo asokoneza gemu ndi maliro, ndipo aliyense wotaya mipata inayi kunyamula mtembo pankhondo ndi chitsiru. Anyamata anaikonda kwambiri ndemanga imeneyo. Ababa sindinawauze za lamulo latsopanoli, koma analiona okha pa sikirini, kachithunzi ka munthu wobereka mnzake, n'kundifunsa tanthauzo lake. Nditawafotokozera anangogwedeza mutu.

Lamulungu lachitatu tinali pa nkhondo ya pamlatho. Tinali pafupi kupambana. Ndiye ine, chifukwa cha phuma, ndinakankhira wamkondo patsogolo kabokosi kamodzi kuposa pomwe kamtengo ka machesi kanaloza. Adani atatu anamuzungulira. Anagwa.

Ababa anamuloza ndi kamtengo kaja. Kenako anati, "Mnyamule."

Ndinawafotokozera bwinobwino, monga katswiri, kuti tikachotsa munthu mmodzi pamzere mlatho utayika, wauta wathu watsopano afa nayenso, ndipo kunyamulako sikupereka kalikonse. Anandimvera mpaka ndamaliza.

"Ndamva. Mnyamule."

"Baba, chidhori ichi," ndinatero. Ndi chidole chabe ichi.

Apa mpamene mawu awo anakwera, ndipo apa mpamene satana anandilowa. Ayi, ndisanamizire satana, ndinali ine. Foni inali pamwendo panga, kunsi kwa tebulo. Ndinadina pojambulira mawu.

"Iwe, munthu sasiyidwa pabwalo ngati galu wogundidwa ndi galimoto," ankatero ababa. "Wayenda nafe kuyambira nkhondo yoyamba ameneyu. Watitchinga kangati? Tiluze tiluze, koma mnyamule! Mnyamule!"

Ine ndinaseka. Ndinayesa kudzigwira koma chikhakhali chinatuluka, chija chotulukira m'mphuno. Nthawi yomweyo batire ya laputopu inatha, magetsi kunalibe kuyambira m'mawa, sikirini n'kuda. Gemuyo inkadzisunga yokha pa mpata uliwonse, ndiye ababa anati tidzamalize Lamulungu likubwerali, wamkondo adikire. Anatuluka kupita pakhonde akupukusa mutu, osakwiya kwenikweni.

Asanakhale pansi n'komwe, ine ndinali nditatumiza kale mawu aja pa gulu. Pansi pake ndinalemba Chishona: "Inzwai muvakidzani wedu wekuMalawi achichemera chidhori." Tamverani neba wathu wa ku Malawi akulirira chidole. Neba. Ndinalemba choncho ndi zala zangazi, ababa ali pakhonde, khoma limodzi pakati pathu.

Gulu linaphulika. "Tumira futi, shaa!" "Mudhara uyu anopenga!" Tumizanso, mdala uyu ngwamisala. Wina anati ndemanga yabwino koposa ya gawo lowonjezera ndi imeneyi. Ndinagona tsiku limenelo ndili mfumu.

Malamulungu awiri otsatira sitinasewere, chifukwa kunali maliro motsatizana ndipo ababa ankabwera atatopa. M'masabata awiri amenewo mawu aja anatuluka m'gulu lathu. Wina anawaikira ng'oma pansi pake. Anthu osadziwa n'komwe kuti gemu n'chiyani anayamba kutumizirana. Tsiku lina pa renki ya makombi, maminibasi akuno, ndinamva kondakitala wina akukuwira mnzake amene ankakweza thumba la mbatata, "Mnyamule! Tiluze tiluze!" Anthu anaseka. Ine ndinaseka nawo pang'ono mwachiphamaso. Ndinathamangira kwa mnzanga wa kafe kumufunsa ngati pali njira yowafufutira.

"Kudzima papi, shamwari?" anatero, akutambasula manja. Kufufuta pati? Anali m'mafoni a Chitungwiza yonse. Madzi akatayika saoleka.

Loweruka lake ababa anabwera kuchokera kumanda dzuwa likadali m'mwamba, ovolosi ili yofiira ndi dothi mpaka m'mawondo. Amayi anawathirira madzi pakhomo monga mwa masiku onse, anasamba m'manja, koma sanalowe. Anandiitana pakhonde. Anandiuza mwachidule, osakweza mawu. Iwo anali m'dzenje akukumba. Pamwamba anyamata ena odikira fosholo anayatsa foni kuti aseke pang'ono. Sankadziwa kuti mwini mawuwo ali pansi pa mapazi awo. Mmodzi anafotokozera anzake kuti ndi kamdala kena ka chimalawi, neba wa mnyamata wokonza mafoni ku Zengeza 4. Adzukulu anzawo, madala a m'bungwe, anawadziwa mawuwo nthawi yomweyo ndipo onse anayang'ana kumbali.

"Ndamva kuti ndine neba wako," anatero ababa.

Ndinayamba kufotokoza m'Chishona, kuti zinali zocheza, kuti sindinadziwe kuti zifika patali.

"Mawuwo ndi anga, sindikuwakana," anandidula. "Ndikhoza kuwanenanso mawa pamaso pa aliyense. Koma kuseka kuja ndinakudziwa. Ndinayamba kukumva uli ndi mano awiri."

Analowa m'nyumba. Ndikanakonda akanandimenya ndi fosholo ija.

Amayi sanandikalipire tsiku limenelo. Anadikira Lolemba, ababa atapita kumsonkhano wa bungwe, n'kundiuza kuti ndiwathandize kusankha nyemba. Tili pa lichero anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ababa anali ndi mkulu wawo. Sindinkadziwa. Ndi mkulu wawoyo amene anawatenga kumudzi n'kubwera nawo kuno, kukagwira ntchito pa famu ina ya fodya. Mkuluyo anadwala n'kumwalira nthawi yothyola fodya. Kapitawo anati ntchito siima. Anatuma anthu awiri kukamukwirira kuseri kwa zigafa, ababa ali m'munda akuthyola masamba. Ababa anali adakali mwana, ankaopa kuchotsedwa ntchito m'dziko la eni, ndiye sanasiye mzere wawo. Patapita zaka, atakwatira kale, anabwererako kuti akaike mwala. Anapeza malo onsewo atalimidwa.

"Ababa ako sanamunyamule mkulu wawo," anatero amayi, maso ali pa nyemba. "N'chifukwa chake amanyamula aliyense. Iwe umayesa amakonda dothi?"

Ndinkasankha nyemba zabwino n'kumaziponya kwa zofumbwa, amayi n'kumazibweza.

Ndinayesa zomwe munthu wamanyazi amayesa. Ndinapita pa tsamba lija n'kusintha nyenyezi ziwiri kukhala zisanu, ngati kuti anthu a kudziko lozizira aja ndi amene ndinawalakwira. Pa gulu ndinalemba kuti munthu uja si neba, ndi ababa anga ondibereka, ndipo kwathu timalankhula Chichewa. Ndinaulemba uthengawo kasanu ndisanautumize. Mmodzi anayankha kuti pepa, awiri anatumiza tinkhope toseka, ena anapitiriza kukangana za auta. Chinthu chomwe ndinabisa moyo wanga wonse sichinawasunthe n'komwe. Kwa ababa ndinapepesa nditagwada, m'Chichewa changa chothyokathyoka. Anati amva. Koma Lamulungu mpando wawo unakhala pakhonde, ndipo Lamulungu linalo chimodzimodzi. Ndinkatseka katani, kutsegula laputopu, kukweza kanyimbo ka gemu kuti amve. Sanabwere. Nkhondo ya pamlatho sindinaikhudze, ndinkangoiyang'ana n'kutseka.

Panapita miyezi iwiri. Loweruka lina m'mawa foni yawo inalira. Anavala ovolosi, kenako anagogoda pachitseko changa, chinthu chomwe anali asanachitepo.

"Vala nsapato zolimba. Tikusowa phewa limodzi."

Womwalirayo anali mdala wina wa ku Mozambique amene ankachita lendi kachipinda ku Nyatsime, mlonda wa nyumba zomangidwa kumene. Analibe mkazi, analibe mwana, ndipo mwini nyumba sankadziwa ngakhale mudzi wakwawo. M'bungwe sanalimo. Madala aja anangomva kuti kuli munthu wosowa omuika. Galimoto inalephera kufika pakhomo chifukwa cha matope, ndiye bokosi tinalinyamula pamapewa kuchokera m'kachipindamo mpaka pamsewu, mtunda wabwino ndithu. Ababa anali kutsogolo kumanzere, ine kumbuyo kwawo. Ndinkaona khosi lawo, mitsempha itatuluka, ndi kolala ya ovolosi yosokedwa ndi ulusi wa mtundu wina.

Ndinkaganiza kuti mdala wowonda sangalemere. Bokosi linandidya phewa tisanafike n'komwe pa ngodya yoyamba. Tikudutsa pa nyumba ina yosamaliza, anyamata omanga anaimika ntchito n'kuvula zipewa, monga kuyenera. Koma mmodzi kumbuyo kwawo ananong'oneza mnzake, mokweza pang'ono kuposa mmene ankafunira, "Mnyamule." Wina anatsekera kuseka m'manja.

Ndinafuna kutula bokosilo ndikamugwire pakhosi, ndipo phazi langa linaphonya, bokosi n'kupendekeka. Ababa sanatembenuke, ngakhale khosi silinagwedezeke. Anangoti chapansipansi, "Yenda bwino, wanyamula munthu." Mpamene ndinazindikira kuti aka sikanali koyamba kuti amve zimenezi. Miyezi iwiri yonseyo, maliro aliwonse, ankadutsa m'mawu amenewa bokosi lili paphewa, ine ndili pa kashedi kanga kudzimvera chisoni.

Tinamuika mdala uja. Dothi ndinakwirira nawo mpaka manja anatuluka matuza. Pobwerera m'kombi ababa anandipatsa theka la chimanga chootcha chomwe anagula pa renki, ndipo mtima wanga unadumpha ngati wa mwana. Ndinati basi zatha, andikhululukira.

Titafika kunyumba amayi anatithirira madzi tonse awiri pakhomo. Ine ndinathamangira m'nyumba manja asanaume, kutseka katani, kutsegula laputopu. Nkhondo ya pamlatho inali pomwe tinaisiya, wamkondo ali gone pakati pa adani, mpata uli wathu. Ndinatuluka, kunyamula mpando wawo pakhonde, kuuika pamalo pake pakale. Ndinaikanso bokosi la machesi patebulo.

"Ababa," ndinatero m'Chichewa, "bwerani timunyamule."

Anaima pakhomo akupukuta manja pa ovolosi. Anayang'ana sikirini nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. Nkhope yawo sinali yokwiya.

"Mnyamule wekha," anatero. "Kulemera kwake ukukudziwa tsopano."

Anatenga mpando wawo n'kubwerera nawo pakhonde.

Ndinamunyamula. Zinatenga mipata inayi, monga ndinalembera mu ndemanga yanga ija. Mlatho unatayika, wauta anafa, nayenso ndinabwerera kukamutenga. Kumsasa kunaoneka timanda tiwiri ndi timiyala take. Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse, mwachizolowezi, koma pambali panga panali bokosi la machesi lokha. Ababa anakhala nafe zaka zina zingapo, ndipo Loweruka lililonse foni ikalira ankagogoda pachitseko changa. Pa gemu sanakhalenso nane.